Makina Anga Oyamba Osindikizira

Pa khonde la kuseri kwa nyumba ya amalume anga ku Chilenje pali tebulo la mlombwa, ndipo pa tebulopo pamakhala kacitsulo kofiira, kokhala ndi mbale yozungulira pamwamba ndi cogwirira patsogolo. Alendo akakaona amafunsa ngati n'kopukusira nyama. Ndikawauza kuti amenewo ndi makina osindikizira mau amaseka, pakuti m'maganizo mwao makina osindikizira ndi cinthu cacikulu ngati nyumba, caphokoso ngati cigayo. Inenso ndinali kuganiza motero, ndipo maganizo amenewo ananditayitsa ndalama zimene sizinali zanga. Ndalemba nkhaniyi kwa inu anzanga amene mwangotsiriza sukulu ndipo muli kufunafuna nchito ya manja, kuti mukadzakumana ndi makina otere mudzayambe ndi mafunso amene ine ndinawamva mocedwa.

Nditatsiriza sukulu kwathu ku Katete ndinabwera ku Lusaka, ndipo itapita miyezi yambiri ndiri kuyenda ndi makalata m'manja, ndinapeza kanchito m'sitolo ina ya fotokope pafupi ndi msika. Kale sitoloyo inali nyumba yosindikizira, koma pofika ine munali makompyuta awiri ndi makina a fotokope basi. Zakale zonse anaziunjika m'cipinda ca kumbuyo, kumene ndinali kusunga tsache ndi ndowa. M'menemo, pansi pa masaka akale, munali cinthu cakuda condifika m'cifuwa, ca gudumu lalikulu pambali ndi copondera pansi ngati ca makina osokera zobvala. Pa citsulo cace panalembedwa dzina lakuti Arab. Ndinali kusesa pansi pace m'mawa uli wonse osacilabadira konse.

Tsiku lina kunabwera agogo ena a ku Matero kudzajambulitsa mapepala ao a penshoni. Citseko ca kumbuyo cinali cosatseka, ndipo ataponya maso m'menemo anaiwala mapepala aja, nalowa osaodira, nacotsa masaka, nayamba kusisita gudumu lija monga acitira munthu amene wapeza ng'ombe yace yotayika. "Mdzukulu," anatero, "kodi udziwa cimene umasesa pansi paceci?" Ndinati iai. Pamenepo anandionetsa cala cao camkombaphala ca dzanja lamanja, cimene cinali cacifupi ndi copanda cikhadabo, nati, "Mbale wace wa ameneyu ndiye anadya apa, ndiri mnyamata ngati iwe." Anali atalowa nchito yosindikiza mu 1962, ndipo anaigwira kufikira nchitoyo inawathera m'manja. Tsiku lomwelo anandiitana kuti ndikawacezere Loweruka.

Kusindikiza kumene anandionetsa kwaoko n'kosiyana kwambiri ndi kwa kompyuta. Cilembo ciri conse ndi kacitsulo pa kokha, kotalika kupitirira pang'ono masentimita awiri, ndipo kumutu kwace kuli nkhope ya cilembo yotukuka, yotembenuka monga mau aonekera pa galasi. Citsuloco ndi mtobvu wosakaniza ndi tini ndi antimony, popeza mtobvu wokha ndi wofewa. Munthu amatola zilembo cimodzi cimodzi m'bokosi la tizipinda tambiri, naziika m'kacitsulo kogwira ku dzanja lamanzere, kamene osindikiza amati stick. Amayambira kumanzere kunka kumanja monga polemba, koma zilembo zimaima cadodolido. Pakati pa mau amaikapo tizitsulo tatifupi timene inki siitifika, ndipo mzere uyenera kudzaza bwino lomwe, wosakhwepa ndiponso wosathina. Mizere ikakwana amaiika m'cimango cacitsulo cimene dzina lace ndi chase, naipanikiza ndi timitengo ndi tizitsulo topanira, kufikira atanyamula cimango conse m'mwamba popanda cilembo cimodzi kugwa. Cimangoco cilowa m'makina, marola apaka inki pa nkhope za zilembo, pepala likanikizidwa pamenepo, mau atuluka. Nchito ikatha amatsuka zilembo ndi parafini nabweza ciri conse m'kacipinda kace, kuti mawa zikanene mau ena.

Njira imeneyi anaikonza Johannes Gutenberg ku Mainz m'dziko la Germany ca m'ma 1450, ndipo inalamulira kusindikiza zaka pafupi 500. Nyuzipepala ya Mutende imene inayamba mu 1936, ndi mabuku ambiri a Cinyanja amene makolo athu anawerenga ku sukulu itakhazikitsidwa Publications Bureau mu 1948, anadzera m'zilembo za mtobvu. Pambuyo pace kunabwera makina ena ofulumira, kenaka makompyuta, ndipo mabokosi a zilembo anayamba kugulitsidwa pa sikelo ngati zitsulo zakutha. Agogo anapulumutsako stick yao ndi zilembo zodzaza citini cimodzi ca mkaka. Ndi zimenezo ndinaphunzira, Loweruka liri lonse kwa miyezi isanu, titakhala pa mphasa.

Poyamba maso anga anali kundinyenga. Cilembo cotembenuka ca b cimaoneka ngati d, ca p ngati q, ndipo n ukamzondotsa asanduka u. Agogo anandiphunzitsa kusakhulupirira maso, koma kumva ndi cala kamzere kogoba kamene kali pa thupi la cilembo ciri conse; timizereto tikayang'ana mbali imodzi, zilembo zonse zaima bwino. Analinso ndi lamulo limene sanalekererepo ngakhale tsiku limodzi: wogwira zilembo asakhudze nsima asanasambe m'manja ndi sopo, ndipo ana asaseweretse zilembo. Ife a mu Zambia sitifunika kuuzidwa kawiri za mtobvu, pakuti tidziwa cimene unasiya m'dothi la ku Kabwe, angakhale mgodi wace unatsekedwa mu 1994.

Sindinganame kuti ndinakhala pansi n'kuwerengera phindu. Ndinangokopeka. Tsiku limene ndinamanga dzina langa mu stick, n'kulipaka inki ya cidindo, n'kulikanikiza pa pepala ndi cala cacikulu, mtima wanga unapita ku cipinda ca kumbuyo cija ndipo sunabwereko. Ndinayamba kudziona ndiri kuponda copondera, gudumu likuzungulira, mabuku akutuluka. Ndipo ndalama ndinali nazo. Amai anali atagulitsa nshawa za zaka ziwiri nanditumizira kuti ndikaphunzire kuyendetsa galimoto, popeza anati dalaivala sagona ndi njala. Mwini sitolo atamva kuti ndiri kucifuna cinthu cija anakondwa, nachula mtengo umene anati ndi wa citsulo cabe. Ndinapereka theka pomwepo ngati cikole, ndipo sindinauze agogo, cifukwa ndinafuna kuti ndidzawadzidzimutse. Kunena zoona, ndinaopanso kuti angandiletse.

Lolemba ndinawatenga kuti akaone cuma canga. Sanandikalipire. Anabvula jekete, nalipacika pa msomali, nayamba kuyendayenda mozungulira makinawo.

"Chase iri kuti?" anafunsa.

Tinafunafuna m'cipinda monse osaipeza.

"Nanga marola?"

Panalibe marola, ngakhale mitanda yacitsulo imene marola amaumbidwapo, ngakhale timagudumu ta kunsonga kwace. Pamenepo anapukusa gudumu pang'onopang'ono ndi dzanja, khutu ali chee, ndipo pa malo amodzi panamveka kugogoda. Anatenga cisanza napukuta girizi pa mkono umodzi wa makina, nagwira dzanja langa naliika pamenepo. Ndinamva cipsera cotukuka.

"Apa panathyoka, wina anaocherera," anatero. "Citsulo ca mtundu uwu n'colemera, koma cimasweka ngati mphika wa dothi, ndipo pamene cinaswekapo sipaiwala. Makina awa anagwa, kapena wina anawadyetsa sipanala. Tsiku loyamba lija ndinawasisita cifukwa ca cibale. Sindinanene kuti ali moyo."

Ndinayankha kuti zosowazo tingathe kupangitsa kwa amisiri a zitsulo. Anabvomera kuti chase angathe kuipanga mmisiri wosamala, koma mtengo wa zonse pamodzi ungapose wa makina. Tsono anandifunsa funso limene ndinayenera kudzifunsa ndekha: "Kodi ufuna kusindikiza ciani?" Ndinati mabuku. "Mabuku a yani? Ndani wakupatsa buku lace? Tandiuza cimene anthu a ku Chilenje adzakugogodera pa citseko mwezi uno." Ndinaganiza, ndipo zimene ndinapeza zinali makhadi a ukwati, timapepala tomata pa mabotolo a uci ndi a cimponde, makhadi a mabungwe a amai a ku chalichi, mitu ya malisiti. Zonsezo zinali zazing'ono zokwana m'cikhatho.

Atatero anatulutsa cingwe m'thumba nayesa makinawo m'lifupi, nandipatsa cingweco kuti ndikayese citseko ca kwa amalume. Sindinafunikire kupita, ndinaona ndi maso kuti sakalowa. Anafunsa kuti adzanyamula ndani, popeza amuna anai sangawadzutse pansi, ndi kuti mwini nyumba adzati ciani simenti ikang'ambika. Potsiriza anaimika cala cao cija pamaso panga. "Makina opondera sadikira munthu. Akatsegula pakamwa uyenera kucotsa pepala ndi dzanja ili, kuika lina ndi ili, phazi likuponda, ndipo akatseka atseka. Pepala likagwera m'kati, mtima umati ndilitole. Ine ndinalitola."

Ndinabwerera kwa mwini sitolo kukapempha cikole canga. Anandibwezera gawo, natsala nalo lina, nati malonda ndi malonda. Sindingamuweruze kwambiri, pakuti sanandikakamize. Akulu anati safunsa anadya phula. Cobvuta cinali kuuza amai. Ndinacedwa masabata atatu, ndipo nditawauza pa foni anakhala cete nthawi yaitali, kenaka anangofunsa kuti, "Nanga agogo akowo ndi munthu wabwino?" Nditabvomera anati, "Zotsalazo usagule nazo kanthu iwo asanaone." Ndikadakonda akadandikalipira.

Ndiyenera kunena pano kuti Arab si makina oipa. Anawapanga Josiah Wade ku Halifax m'dziko la England kuyambira mu 1872, ndipo anafika m'maiko ambiri cifukwa ndi olimba ndi osafuna magetsi. A mtundu womwewo ndi a Chandler & Price a ku Cleveland m'dziko la America. Wosindikiza amene manja ace azolowera, amene ali ndi cipinda ca simenti yolimba ndi nchito ya mapepala mazana ambiri pa tsiku, sangafune ena. Ndikadzafika pamenepo, ndikapeza amoyo, ndidzagula. Koma kuyamba nao kuli ngati kuphunzira kupalasa njinga pa phiri lotsetsereka. Palinso a Heidelberg a ku Germany, amene amadzitolera okha mapepala ndi mikono yozungulira ngati mphero ya mphepo. Amenewa ena mwa inu mudzawapeza akali kugwira nchito m'nyumba zosindikizira, makamaka poika manambala pa mabuku a malisiti ndi kudula makatoni. Ndi okongola powaona, koma alemera kuposa tani imodzi, afuna magetsi, ndipo munthu amene sanadziwe cifukwa cace cilembo cimodzi cikukana kuoneka adzangoononga mapepala cikwi m'malo mwa khumi. A Vandercook a ku Chicago, amene pepala limayenda pa mpukutu pamwamba pa zilembo zogona, ndi ofatsa ndi abwino pa mapepala akulu a zolengeza; koma ndi ataliatali, ndipo popeza akatswiri a zojambula kunja amawalimbirana, mtengo wao si wa mwana wa sukulu.

Otsala ndi ang'ono a pa tebulo, oyendetsa ndi dzanja. Ku America anadziwika a Kelsey, ndipo ku England ndi m'maiko amene anali pansi pace anadziwika a Adana. Kampani ya Adana anaiyamba Donald Aspinall mu 1922 ku Twickenham, ndipo mu 1953 inatulutsa makina ochedwa Eight-Five, cifukwa chase yace ndi ya mainchesi 8 m'litali ndi 5 m'lifupi. Anawapanga zaka zoposa 40, nagulidwa ndi masukulu, machalichi ndi anthu wamba. Ubwino wao waukulu kwa woyamba ndi wakuti satseka pakamwa mwini asanatsitse cogwirira. Dzanja limene likadapsinjidwa ndi lomwelo limene liyendetsa. Ubwino wina ndi wakuti popeza anapangidwa ambiri, marola ndi zina zotha zimapezekabe ku England.

Agogo ndiwo anawapeza. Anakumbukira mphunzitsi wina wamkulu, mnzao wa kale, amene anali kusindikiza yekha makhadi a mayeso a ana a sukulu yace. Mphunzitsiyo anali atamwalira, koma mai a kunyumba kwace anali moyo, ndipo titapita anatitulutsira katundu pansi pa bedi: kamakina kofiira, chase ziwiri, mabokosi atatu a zilembo, ndi thumba la nsalu lolemera. Nditakaona mtima wanga unagwa. Ndinakanyamula ndekha, pakuti sikaposa makilogalamu 15 kwenikweni, ndipo ndinacita manyazi kuti ndiko ndasinthanitsa ndi cimphona cija. Koma agogo anakayesa monga anayesera cija. Anapukuta pali ponse kufuna ming'alu, osaipeza. Anatsitsa cogwirira naona kuti mbale ya inki ikutembenuka pang'ono nthawi iri yonse monga iyenera. Anawerenga timagudumu ta marola, tonse tinai tinalipo. "Aka n'kathunthu," anatero, ndipo mau amenewo ndiwo anagula. Maiwo sanafune zambiri. Anangopempha kuti ndikadzadziwa nchito ndidzawasindikizire dzina la amuna ao pa khadi la cikumbutso.

Marola okha ndiwo anali atatha. Akale anali kuwaumba ndi guluu wosakaniza ndi manyuci a shuga kapena glycerine, ndipo otere amakoma kwa makoswe ndi mphemvu, nasungunuka ndi kutentha kwa mwezi wa Okutobala. Athuwa makoswe anali atawadya kufikira pa citsulo. Msuweni wanga amene ndi namwino ku England anandigulira atsopano a mphira, koma ndinadikira miyezi itatu kuti apezeke munthu wobwera nao. Ndinadandaula ndi kucedwako, koma tsopano ndiona kuti kunandithandiza, kaamba ka thumba la nsalu lija. M'menemo munali zilembo zimene zinatayikira pansi tsiku lina, wina nazisesa pamodzi: zazikulu ndi zazing'ono, za Gill Sans ndi za Times, zoongoka ndi zopendeka. Madzulo ali onse ndinali kuzisankha monga amai asankhira nyemba m'licero, ndipo pofika marola zala zanga zinali zitadziwa kusiyanitsa cilembo ca mapointi 10 ndi ca mapointi 12 popanda kuyang'ana. Pamenepo ndinaphunziranso kuti zilembo za ku England ndi ku America zonse n'zotalika cimodzimodzi, gawo la inchi 0.918, koma za ku France ndi ku Germany n'zotalikirapo pang'ono, kotero kuti wogula zilembo zakale ayenera kuziimika pambali pa zace asanapereke ndalama.

Pepala langa loyamba linatuluka loipa. Ndinapaka inki yambiri, zilembo zinatsekeka maso. Kumanja kunali kwakuda, kumanzere kosaoneka. Agogo anandionetsa kuti inki yokwanira ndi yonga njere ya nyemba, yofalitsidwa pa mbale kufikira marola alira mopepuka. Kuti kumbuyo kuli zomangira zoongolera bedi la zilembo mbali ndi mbali. Ndi kuti cilembo cimodzi cotha amacikweza pomata kapepala kopyapyala pansi pa pepala pa malo ace okhawo. Anandiuzanso cimene dzina lija la Eight-Five silinena, kuti makina ang'ono alibe mphamvu yokanikiza chase yodzaza. Ukadzaza theka asindikiza bwino. Ukadzaza yonse, umangolimbana nao. Masiku ano kunja anthu akonda makhadi amene zilembo zalowa kwambiri m'pepala lokhuthala, ndipo ndinaonetsa agogo zithunzi zace pa foni. Anapukusa mutu. Pa nthawi yao wocita zimenezo anali kudulidwa malipiro, cifukwa kukanikiza kotero kumapha zilembo. Cilembo ciyenera kungokhudza pepala n'kucoka. Ine ndiganiza kuti makhadiwo ndi okongola ndithu, koma sindingawayese pa kamakina kanga, pakuti ndi m'mene tambiri totere tinathyokera.

Nchito yeniyeni inadza mu 2024. Cimeneco cinali caka ca cilala, madzi anacepa ku Kariba, ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Ku sitolo tinali kungokhala, makina a fotokope ali duu. Mwana wa amalume anali kukwatiwa mu Seputembala, ndipo amalume, mwina mwa cifundo, mwina poona mizere ya anthu odikira magetsi m'tauni, anandipatsa nchito ya makhadi 150. Anati alembedwe m'Cinyanja, popeza oitanidwa ambiri anali akuluakulu a kumudzi. Ndinasankha Gill Sans ya mapointi 12, ndinaima pa bokosi, ndipo ndinamanga mzere woyamba: Tikukuitanani ku ukwati wa ana athu.

Pa mzere waciwiri dzanja langa linapita m'kacipinda ka k, n'kupeza mulibe kanthu. Ndinayesa kuti ndasokoneza posankha, ndinafufuza m'tizipinda tina, koma iai. Ndinasiya malo ace, ndinapitirira, ndipo pa mzere wacinai a nayenso anatha. Koma kacipinda ka e, kamene ndi kakakulu koposa tonse ndipo kali pakati pa bokosi, kanali kodzaza ngati nkhokwe ya mfumu. Pamenepo ndinakhala pansi n'kuwerenga. M'bokosi monse zilembo za a zinali 24, za k zisanu, za z zitatu, za e 33. Ndipo mzere wanga woyamba uja, wa zilembo 30, unali utadya a asanu ndi awiri ndi k anai, osagwira e ngakhale mmodzi.

Agogo anaseka kufikira misozi. Anati opanga zilembo anali kuziwerengera monga mwa Cingerezi, m'mene e ndiye mfumu, t ndi nduna yace, ndipo k ndi z ndi alendo osowa. M'Cinyanja mfumu ndi a. K, w, z, m ndi n ali pali ponse, pamene q ndi x amangogona m'tizipinda tao osadzutsidwa. Nyumba zazikulu sizinabvutike nazo cifukwa zinali ndi makina a Monotype kapena Linotype oumba zilembo zatsopano monga zifunikira. Koma osindikiza ang'ono a zinenero zathu anali kuitanitsa a, k ndi w oonjezera pa okha. Mphunzitsi uja anali kusindikiza za sukulu m'Cingerezi, cotero sanasowe kanthu. "Unafunsa za makina usana ndi usiku," anatero, "koma za zilembo sunafunse, ndipo inenso ndinaiwala. Makina ndi mtondo cabe."

Ndinayesa kucenjera. Ndinapita kwa amalume ndi mau ena osadya k wambiri, ndinati tilembe kuti, Bwerani ku phwando. Amalume anabvula magalasi nandiyang'ana. "Mphwanga, apongozi sawaitana ngati ana obwera kudzadya. Mau akhale monga ndinakupatsa." Panalibe kucitira mwina koma kugawa khadi patatu. Ndinamanga mizere yapamwamba yokha, malo a inayo ndinadzaza ndi timitengo, ndinasindikiza makhadi onse 150, ndinawayala pa mphasa m'nyumba monse kuti inki iume usiku. M'mawa ndinamasula zilembo, ndinamanga mizere yapakati, ndinabweza makhadi omwewo m'makina, osasuntha ngakhale pang'ono tizitsulo timene pepala limatsamira, cifukwa tikasuntha mizere ikwerana. Tsiku lacitatu cimodzimodzi. Ndinatsitsa cogwirira cija nthawi 450, osawerenga zoonongeka, ndipo phewa linandiwawa sabata lathunthu. Masiku atatu onsewo magetsi anabwera pakati pa usiku pokha, koma ine ndinagwira nchito pa khonde ndi kuwala kwa dzuwa.

Amai anabwera ku ukwati. Ndinawapatsa khadi lao pamodzi ndi envulopu ya ndalama zoyamba kubweza pa za nshawa zija, pakuti pofika tsikulo anthu atatu amene analandira makhadi anali atandipatsa kale nchito zao. Envulopu anaimanga pa nsonga ya citenje osaitsegula. Khadi analitembenuza, nayendetsa cala kumbuyo kwace kumene zilembo zinatukula pepala pang'ono, nafunsa ngati n'zoona kuti cilembo ciri conse ndinacigwira ndi dzanja. Za galimoto sanachule.

Agogo anawerenga lao atakhala pansi pa mtengo, magalasi ali pa mphuno, kuyambira pamwamba kufikira pansi, nabwerezanso. Ndinali kudziwa cimene ali kufuna. Pa tsiku lacitatu lija a mmodzi anali atapereweranso pa mzere wotsiriza, ndipo posafuna kugawa khadi kacinai ndinabwereka a wa Times m'bokosi lina n'kumlowetsa pakati pa a Gill Sans, ndikuti palibe adzaona. Pa anthu onse a pa ukwatiwo panalibedi anaona. Agogo anandikodola, naika cala cao cacifupi cija pa cilemboco, nati, "Mdzukulu, mlendo uyu wabwera ndi yani?"